Zisudzo zopanda kuyeserera: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri akamva kuti pali masewero amene wazisudzo amakwera pansanja asanawerengepo ngakhale tsamba limodzi la zimene akukanena, amayamba aseka kaye, kenako amafunsa ngati zimenezi zingatchedwe zisudzo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa oonerera, kwa ophunzira zisudzo ndiponso kwa azisudzo amene aitanidwa kuti akayese njirayi. Ndayankha monga munthu amene ndimaikonda kwambiri njira imeneyi, koma amene ndaonanso mmene imapwetekera anthu ikagwiridwa mosasamala.

Kodi zisudzo zopanda kuyeserera ndi chiyani kwenikweni?

Ndi masewero olembedwa bwinobwino, okhala ndi chiyambi ndi mathero, koma amene mlembi adawakonza mwadala kuti munthu mmodzi kapena angapo mwa ochita sewerolo asaone mawu awo mpaka oonerera atakhala kale pamipando. Munthu ameneyu sapatsidwa mpata woloweza, sakumana ndi wotsogolera sewero kwa masabata monga zimakhalira nthawi zonse, ndipo kawirikawiri sauzidwa kumene nkhaniyo ikukathera. Amaimva koyamba pa nthawi yomweyo imene oonerera akuimva, kungoti iye akuimva ikutuluka pakamwa pake. Usiku wotsatira pamabwera munthu wina, ndipo wa dzulo uja sabwereranso.

M'masewero a masiku onse, gulu limatha masabata angapo likuyeserera, ndipo cholinga cha khama lonselo n'chakuti pa tsiku loonetsa, mawu amene anenedwa kambirimbiri amveke ngati akunenedwa koyamba. Wazisudzo wa ku America, William Gillette, adalongosola zimenezi m'nkhani yake imene idasindikizidwa mu 1915, kuti ntchito yaikulu ya wazisudzo ndiyo kuchititsa oonerera kukhulupirira kuti zonse zikuchitika kwa nthawi yoyamba. Alembi a zisudzo zopanda kuyeserera adatenga mfundo yomweyo n'kuifikitsa kumapeto kwake: ngati chofunika ndi chakuti zioneke ngati koyamba, abweretse munthu amene kwa iye kulidi koyamba.

Kodi zimenezi sizifanana ndi sewero lopeka pompopompo?

Ayi. M'zisudzo zopeka pompopompo, zimene Viola Spolin adaziphunzitsa ku Chicago ndipo Keith Johnstone adaziphunzitsa ku London ndi ku Calgary, mulibe mawu olembedwa, koma ochita sewero amakhala atayeserera kwa nthawi yaitali luso lomvetserana ndi kupeka nkhani ali pansanja. Ali ndi ufulu pa mawu, koma ndi anthu okonzekera. M'zisudzo tikukamba pano zinthu zatembenuka, pakuti mawu alipo kale ndipo saloledwa kusinthidwa, koma wowanenayo ndiye sadakonzekere.

Tisasokonezenso munthu wosayeserera ndi munthu wosaphunzira zisudzo. Gulu la ku Germany la Rimini Protokoll limadziwika poika pansanja anthu wamba, monga m'sewero la 100% Berlin la mu 2008 momwe mudali anthu 100 okhala mumzindawo, koma anthu amenewo amayeserera asanaonekere pagulu. Njira ya Augusto Boal wa ku Brazil, momwe woonerera amaimitsa sewero n'kulowa m'malo mwa munthu woponderezedwa m'nkhaniyo, ili pafupi ndithu, popeza wolowayo sadayeserere, komabe iye amalankhula maganizo ake, pamene mlendo wa m'zisudzo zathuzi, ndiko kuti wazisudzo woitanidwa usiku umodzi uja, amanyamula mawu a munthu wina amene sakudziwa kumene akum'tengera.

Nanga wazisudzoyo amadziwa bwanji zoti anene ndi zoti achite?

Njira yodziwika kwambiri ndi ya envelopu yomata. Wazisudzo amailandira ali kale pansanja, amaing'amba pamaso pa anthu, n'kuyamba kuwerenga mokweza. M'mapepalamo mumakhala mawu oti anene komanso malangizo oti atsatire, monga kukwera pampando, kuitana munthu wina mwa oonerera, kapena kungokhala chete kwa kanthawi. Njira yachiwiri ndi ya mawu olowa m'khutu, kaya ojambulidwa kale kaya ochokera kwa munthu amene ali ndi maikolofoni, ndipo mlendo amabwereza kapena kuchita zimene wamva. Gulu la Rotozaza, la Ant Hampton ndi Silvia Mercuriali, lidayamba kugwira ntchito ndi alendo otsatira malangizo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo m'sewero lawo la Doublethink alendo awiri amaima mbali ziwiri za chotchinga, osaonana, akumvera malangizo amodzimodzi, kotero kuti oonerera amaona mmene lamulo limodzi limatulukira mosiyana m'matupi awiri. Njira yachitatu ndi yoonetsa mawu pachinsalu chachikulu, monga m'sewero lotchedwa Nassim la mu 2017, momwe manja a mlembi amaoneka pa kamera akutembenuza masamba limodzi ndi limodzi.

Njira iliyonse imaumba thupi la wazisudzo mwa mtundu wake. Pepala limamanga manja ndi kukokera maso pansi, koma limapereka mpata woti maso athamangire kutsogolo pang'ono, pakamwa pasanafike. Mahedifoni amamasula manja, koma amabweretsa kakuchedwa kena: munthu amamva theka la chiganizo n'kuyamba kulinena asakudziwa ngati likukathera ku funso, ku chipongwe kapena ku pemphero, ndipo nkhope yake imakhala ya munthu womvetsera ngakhale pamene akulankhula. Chinsalu chimaika oonerera patsogolo, chifukwa iwo amawerenga mzerewo usananenedwe, n'kumadikira kuona mmene mlendo aunenere.

N'chifukwa chiyani mlembi angafune kupereka sewero lake kwa munthu amene sadaliwerenge?

Yankho lomveka bwino lili m'mbiri ya sewero la White Rabbit Red Rabbit. Mlembi wake, Nassim Soleimanpour wa ku Iran, adakana kulowa usilikali umene boma limakakamiza anyamata, ndipo chifukwa cha zimenezo sadathe kupeza pasipoti. Mu 2010 adalemba m'Chingerezi sewero loti liziyenda lokha kumene iye sakadatha kufika: lopanda wotsogolera, lopanda kuyeserera, lofuna wazisudzo mmodzi watsopano usiku uliwonse ndi zipangizo zochepa chabe monga tebulo, mpando, makwerero ndi matambula awiri a madzi. Lidaonetsedwa koyamba mu 2011 ku Edinburgh ndi ku Toronto, ndipo mpando umodzi wa kutsogolo unkasiyidwa wopanda munthu, wosungira mlembiyo. Kuyambira pamenepo lamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 20, ndipo ku New York mu 2016 adalichita anthu odziwika monga Nathan Lane ndi Whoopi Goldberg. Soleimanpour adadzamasulidwa ku lamulo la usilikali madokotala atapeza kuti ali ndi vuto la diso, ndipo adaliona koyamba sewero lake ku Brisbane, ku Australia, mu 2013.

Chimene chimandikhudza m'mbiri imeneyi n'chakuti kusayeserera sikudali chokometsera chongowonjezera. Munthu woletsedwa kuyenda adabwereka pakamwa pa anthu a m'mayiko ena, ndipo sewerolo limakamba za kumvera, za mmene munthu amatsatirira lamulo chifukwa choti lalembedwa ndipo anthu akum'yang'ana. Wazisudzo amene akumvera pepala limene sakulidziwa ndiye chitsanzo chamoyo cha nkhani imene akuwerengayo. Akadaloweza, mfundo yonseyo ikadangotsala m'mawu okha.

Kodi njira imeneyi ingakwanitse nkhani yachisoni, kapena ndi yongoseketsa anthu?

Ingakwanitse, ndipo umboni wake ndi sewero la An Oak Tree la Tim Crouch wa ku England, limene lidayamba kuonetsedwa ku Traverse Theatre mumzinda wa Edinburgh mu 2005. Muli anthu awiri okha. Crouch amatenga mbali ya munthu wosangalatsa anthu powagoneka ngati ali m'tulo ndi mawu ake n'kumawauza zochita, amene miyezi itatu yapitayo adagunda ndi galimoto kamtsikana kena n'kukapha. Mlendo amatenga mbali ya bambo wa mwanayo, amene wabwera kuchionetsero cha munthu uja n'kudzipereka kuti agonekedwe. Mlendoyo akhoza kukhala mwamuna kapena mkazi, amakumana ndi Crouch ola limodzi lokha sewero lisanayambe, ndipo mawu ake amawalandira nthawi zina papepala, nthawi zina m'mahedifoni, nthawi zina pomuuza poyera anthu onse akumva. Azisudzo mazana angapo adatengapo mbali imeneyi, kuphatikizapo Frances McDormand.

Dzina la sewerolo lidachokera ku ntchito yaluso ya Michael Craig-Martin ya mu 1973, imene ndi tambula ya madzi yoikidwa pashelefu, pambali pake pali mawu olembedwa mwa mafunso ndi mayankho onena kuti tambulayo yasandulika mtengo wa thundu ngakhale maonekedwe ake sadasinthe. M'seweromo bambo uja amakhulupirira kuti mtengo umene uli m'mbali mwa msewu, pamene padachitikira ngoziyo, wasanduka mwana wake. Oonerera nawonso amapemphedwa kuchita zofanana ndi zomwezo: kuyang'ana munthu wovala zovala zake za masiku onse, amene mwina ndi mtsikana wa zaka 25, n'kuvomera kuti ameneyu ndi bambo woferedwa.

Chodabwitsa n'chakuti amavomeradi, ndipo chifukwa chake chili poyera. Munthu woferedwa mwadzidzidzi sadziwa poima, sadziwa choyankha, amadikira kuti wina amuuze kuti akhale apa, amwe madzi, asaine apa. Wazisudzo amene sadayeserere alinso chimodzimodzi. Kusochera kwake kwenikweni kumakumana ndi kusochera kwa bambo wa m'nkhaniyo, ndipo safunika kunamizira chilichonse.

Kodi njira imeneyi ndi yatsopano?

Mbali ina ndi yakale kwambiri. Ku London m'zaka za m'ma 1590, buku la Philip Henslowe, mwini wa bwalo la zisudzo la Rose, limaonetsa kuti gulu limodzi linkachita sewero losiyana pafupifupi tsiku lililonse, kotero kuti nthawi yoyeserera inali yochepa. Wazisudzo sankapatsidwa sewero lonse, koma mawu ake okha pamodzi ndi mawu awiri kapena atatu omaliza a mnzake, omudziwitsa nthawi yolowa. Pepala lotere la Edward Alleyn, wazisudzo wa nthawi imeneyo, likadalipo ku Dulwich College mu London, ndipo m'zaka za m'ma 1990 Patrick Tucker ndi gulu lake adayesa kuchita masewero a Shakespeare mwa njira yomweyo. Komabe azisudzo akalewo ankaloweza mbali zawo, ndipo kusayeserera kwawo kudali kwa kusowa nthawi, osati cholinga cha mlembi.

Muzu wina uli m'zaka za m'ma 1960, pamene aluso a gulu la Fluxus ankalemba malangizo afupiafupi oti munthu aliyense awachite, n'kunena kuti malangizowo ndiwo ntchito yaluso. Chatsopano m'zaka zaposachedwazi ndi kulumikiza ziwirizi, ndiko kuti kulemba sewero lathunthu limene tanthauzo lake likudalira pa kusadziwa kwa wolichitayo.

Oonerera amapindula chiyani poona munthu akuphunthwa ndi mawu?

Amaona munthu akuganiza, chinthu chimene m'masewero oyeserera chimakhala chongoyerekeza. Usiku wina ndidaonerera mayi wina, wazisudzo wa zaka zambiri pantchitoyi, akuwerenga kasewero kotere m'chipinda cha anthu osapitirira 40. Tsamba lachitatu lidali ndi mndandanda wa zinthu zimene munthu wina ankakonda kuiwala: makiyi, magalasi, dzina la mnansi wake, kumene waika nsapato. Mayiyo adauwerenga ngati nthabwala, akukweza nsidze pa chinthu chilichonse, ndipo tonse tidaseka. Atatembenuza tsamba, maso ake adathamangira mzere wapamwamba pakamwa pasanatseguke, ndipo tidaona nkhope ikugwa. Mzerewo unkanena kuti woiwalayo ndi bambo ake a wolankhulayo, amene matenda adawafikitsa poiwala mayina a ana awo. Pepala lidayamba kunjenjemera. Adameza malovu, n'kuyang'ana tsamba lapita lija ngati akufuna kulibweza, kenako adapitiriza ndi mawu otsika kwambiri moti tonse tidaweramira kutsogolo kuti timve.

Mayiyo sadalakwitse. Mlembi ndiye adatchera kuti iye pamodzi ndi ife tiseke kaye, kuti manyazi a kusekako akhale a tonse. Wazisudzo wodziwa zimene zili patsamba lachinayi sangawerenge tsamba lachitatu ndi mtima woyera wotero, ngakhale atakhala waluso chotani, chifukwa chisoni chimadontha m'mawu ake nthawi isanakwane.

Palinso china chimene chimachitika m'chipindamo. Oonerera amaleka kukhala oweruza, n'kuyamba kumufunira zabwino munthu amene ali patsogolo pawo, chifukwa akudziwa kuti sadziwa zambiri kuposa iwo. Akale adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo alembi ambiri amavomereza kuti mlendo wa usiku umodzi amatulutsa m'mizere yawo matanthauzo amene iwo eni sadawaganizire.

Kodi umenewu si ulesi chabe, njira yozembera ntchito yoyeserera?

Funso limeneli ndi lofunika kuposa onse, ndipo yankho langa n'lakuti ntchito yokonzekera siichoka, imangosamuka. Imachoka pamapewa a wazisudzo n'kupita kwa mlembi ndi kwa onse okonza usikuwo, ndipo imalemera kuposa kale. M'sewero loyeserera, mzere wosamveka bwino umakonzedwa m'chipinda choyeserera, pamene wazisudzo amafunsa kuti, "Apa ndikutanthauza chiyani?" M'sewero losayeserera mulibe mpata wofunsa, ndiye funso lililonse liyenera kuyankhidwa papepala lisanafunsidwe.

Taganizirani lamulo losavuta lakuti "khalani pansi". Mlendo wina akhala pampando, wina akhala pansi penipeni, ndipo ngati mzere wotsatira ukufuna kuti atenge tambula patebulo, wachiwiriyu wasokonezeka kale. Mlembi ayenera kusankha ngati akufuna kuti kusiyana kumeneko kukhalepo kapena ayi, ndipo sangadziwe popanda kuyesa mapepala ake pa anthu ambiri, aliyense kamodzi kokha, iye ali pakona akulemba pamene aphunthwa. Ayenera kuganizira kukula kwa zilembo, pamene tsamba lithere, mawu amene akhale pamwamba pa tsamba lotsatira, ndiponso mmene malangizo asiyanitsidwire ndi mawu olankhula kuti mlendo asawerenge mokweza zimene zinali za iye yekha. Masamba oyambirira amakhala osavuta mwadala, nthawi zambiri oseketsa, kuti mantha atsike ndi kuti mlendo aphunzire malamulo a sewerolo akulichita. Zolemera zimabwera pamene wayamba kukhulupirira pepalalo.

Ndipo ozungulira mlendoyo amakhala atayeserera kwambiri. Woyendetsa magetsi ndi zokuzira mawu sangadalire nthawi yoikika, ayenera kutsatira mpweya wa munthu amene sadamuonepo. M'sewero la An Oak Tree, Crouch amalidziwa sewerolo pamtima ndipo adalikonza pamodzi ndi Karl James ndi Andy Smith, kotero kuti mlendo amayenda mumdima koma atagwiridwa dzanja ndi munthu wodziwa njira. Pamene gulu lasankha njirayi pofuna kungopulumutsa nthawi ndi ndalama, zimaonekera m'mphindi zochepa zoyambirira, chifukwa mlendo amasiyidwa yekha ndi mapepala amene sangamunyamule.

Kodi si nkhanza kuika munthu pamaso pa gulu asakudziwa zimene auzidwe kuchita?

Zikhoza kukhala nkhanza, ndipo sindikufuna kubisa zimenezi. Munthu amene ali pansanja, magetsi akumuwalira, anthu atalipira pakhomo, amavutika kwambiri kukana lamulo, ngakhale lamulolo likumuchotsera ulemu. Amavomera asanadziwe chimene akuvomera, ndipo chilolezo chotere n'chosalimba. Ndidaonapo mnyamata wina akuuzidwa ndi pepala kuti anene poyera chinthu chochititsa manyazi cha m'moyo wake weniweni, ndipo adanena, chifukwa chipinda chonse chinkadikira. Anthu adaomba m'manja, koma iye adatuluka osapereka moni kwa aliyense, ndipo ine sindidaone luso lililonse pamenepo.

Okonza osamala amatsata zinthu zingapo. Amamuuza mlendo pasadakhale mutu wa nkhani ngati uli wopweteka, monga mmene Crouch amadziwitsira aliyense kuti sewero lake likukhudza imfa ya mwana, kuti amene bala lotere likadali laliwisi akane nthawi ilipo. Amamuuza ngati padzafunika kukhudzana ndi munthu wina, kukwera pamwamba kapena kudya chinthu. Amamutsimikizira kuti akhoza kukana lamulo lililonse kapena kuima pakati, ndipo sewero lolembedwa bwino limakhala ndi njira yopitirira ngakhale atakana. Amakhalanso naye sewero likatha, chifukwa munthu amene wangodutsa m'nkhani yolemera popanda kuikonzekera amatsika pansanja mtima ukadali m'mwamba.

Muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi wakuti: kodi oonerera akuseka naye kapena akumuseka? Sewero la Manwatching, limene lidaonetsedwa ku Royal Court ku London mu 2017, lidalembedwa ndi mkazi amene sadatchule dzina lake, lofotokoza poyera zilakolako zake, ndipo usiku uliwonse linkawerengedwa ndi mwamuna wanthabwala amene sadalionepo. Kusakhazikika kwa mwamunayo kudali mbali ya tanthauzo, pakuti ankanyamula mawu a mkazi popanda mpata wowapotoza, koma cholinga chidali chakuti mawuwo amveke, osati kuti iye anyozeke.

Nanga zinthu zikalakwika?

Zolakwika zing'onozing'ono zimachitika pafupifupi usiku uliwonse: mlendo amadumpha tsamba, amagwetsa mapepala, amatchula dzina molakwika, kapena batire la mahedifoni limatha. Zimenezi siziononga sewero, chifukwa oonerera adauzidwa kale mmene zinthu zilili, ndipo munthu akabwerera n'kuwerenganso mzere amene adauphonya, chipinda chimamudikira mosadandaula. Cholakwika chenicheni ndi cha mtundu wina. Ndi mlendo amene mantha amuchititsa kubisala m'nthabwala zake, n'kumathirira ndemanga pa mzere uliwonse kuti anthu aone kuchenjera kwake, kapena amene adafufuza mobisa za sewerolo n'kumanamizira kudabwa. Kudabwa konamizira kumaonekera patali.

Kodi mlendoyo ayenera kukhala katswiri wa zisudzo?

Zimatengera sewero. Masewero amene munthu mmodzi amanyamula ola lathunthu amafuna wodziwa kuwerenga mokweza, kupuma pamalo oyenera ndi kupirira maso a anthu, ndipo luso limeneli ndi la akatswiri. Koma alipo ena olembedwera anthu wamba. M'sewero la The Second Woman la Nat Randall ndi Anna Breckon a ku Australia, mkazi mmodzi amabwereza kachigawo kamodzi ka sewero maulendo 100 kwa maola 24, ulendo uliwonse ndi munthu wina amene sadayeserere naye, ambiri mwa iwo osakhala azisudzo. Wazisudzo Ruth Wilson adalichita ku bwalo la zisudzo la Young Vic ku London mu 2023. Mawu amakhala pafupifupi omwewo, koma wina amalowa mwaukali, wina mwamanyazi, wina mofuna kulamulira, ndipo oonerera amayamba kuwerenga makhalidwe a anthu m'tizinthu ting'onoting'ono monga mmene munthu amaperekera tambula.

Gulu la Gob Squad, m'sewero lawo la Kitchen la mu 2007, limatenga oonerera n'kuwaveka mahedifoni mpaka iwo atalowa m'malo mwa azisudzo onse. Rotozaza adafika patali kuposa apa ndi Etiquette, ya mu 2007 yomweyo, momwe anthu awiri amakhala patebulo m'malo odyera, aliyense ndi mahedifoni ake, n'kumachitirana sewero kwa theka la ola popanda wazisudzo kapena woonerera wina aliyense.

N'chifukwa chiyani munthu saloledwa kubwereza, ndipo n'chifukwa chiyani oonerera amapemphedwa kusunga chinsinsi?

Chifukwa chimene mlendo amabweretsa ndi kusadziwa kwake, ndipo chimenechi chimatha usiku umodzi. Ngakhale amene adangoonerera sangathenso kudzachita sewerolo. Pempho losunga chinsinsi silili loteteza malonda okha, koma loteteza mlendo wa mawa, amene akawerenga mathero pa intaneti wataya chinthu chokhacho chimene adaitanidwira. N'chifukwa chake m'mayankho muno ndafotokoza mmene masewerowa amayendera koma sindidaulule kumene amathera.

Kodi njirayi ili ndi zofooka zotani?

Ili nazo zingapo, ndipo okonda njirayi sayenera kuzinyalanyaza. Choyamba, imakopa eni mabwalo a zisudzo pa zifukwa zosakhudza luso, popeza munthu wotchuka amene sangapereke miyezi iwiri akhoza kupereka usiku umodzi, ndipo dzina lake limagulitsa matikiti. Zikatero anthu amabwera kudzaona wotchukayo akuvutika, ndipo sewero limasanduka chifukwa chongokumanirana. Chachiwiri, usiku wina umakhala wamphamvu, wina wozizira, ndipo wogula tikiti sangadziwe umene wagula. Chachitatu, njira ya pepala imatsekera kunja azisudzo aluso amene amavutika kuwerenga mofulumira, amene saona bwino, kapena amene chilankhulo cha sewerolo si chawo, pokhapokha okonza ataganizira njira ina monga ya m'khutu.

Palinso zinthu zimene sizingatheke popanda kuyeserera, monga gule wa anthu ambiri, ndewu ya pansanja imene iyenera kukhala yosavulaza, kapena kukambirana kothamanga kwa anthu asanu. Ndipo masewero ambiri a mtundu umenewu amakonda kukamba za iwo eni, za mlembi, za pepala ndi za kumvera, moti munthu akaonera atatu kapena anayi amayamba kulakalaka lina lokamba za dziko lakunja kwa chipindacho. Amene amakhalitsa m'mitima ya anthu ndi aja amene kusadziwa kwa mlendo kumafanana ndi chinthu china cha m'moyo, monga maliro, ukaidi kapena kuphunzira chilankhulo chachilendo.

Ndaitanidwa kuti ndikachite sewero lotere. Ndikonzekere bwanji?

Musafufuze za sewerolo, ndipo anzanu amene adalionera muwapemphe kuti asakuuzeni kanthu. Koma muli ndi ufulu wonse wofunsa okonza ngati nkhaniyo ikukhudza zinthu zimene zingakupwetekeni, ngati mudzafunika kuchita chinthu chovuta ndi thupi lanu, ndiponso chimene mungachite mukafuna kuima. Mukaona kuti mafunso amenewa akuyankhidwa mozemba, kanani. Ngati atumiza malangizo masiku angapo usikuwo usanafike, atsatireni monga alembedwera, ngakhale akuoneka achibwana, chifukwa mlembi akudziwa pamene adzafunikire.

Mukafika pansanja, werengani pang'onopang'ono kuposa mmene mantha akukuuzirani, ndipo musalole maso kuthamangira kumapeto kwa tsamba. Mzere ukakukhudzani, imani kaye mpaka mutatha kupitiriza, pakuti oonerera adzakudikirani. Mukalakwitsa, bwererani n'kuwerenganso popanda kupepesa kambiri. Valani zovala zimene mungathe kukhala nazo pansi kapena kukwera nazo pamakwerero, pemphani kuti muone nsanjayo ndi kuyesa maikolofoni anthu asanalowe, ndipo ngati mumawerenga ndi magalasi, mutenge awiri.